Kapaipi ka Bambo a Iness

Amuna anga, aTobiasi Mbewe, anabadwira pafamu ya malalanje ku Mazowe, makolo awo atachoka ku Ntcheu. Sukulu analekezera Giredi 7, koma wina asandiuze kuti analibe mutu. Zaka 27 anagwira ntchito pamgodi kuno ku Bindura, m'gulu loona za mpweya. Iwo ankanyamula zipangizo. Owerenga manambala anali anyamata a mapepala, ena a msinkhu wa mwana wathu Iness.

Pansi pa mgodi mpweya umakankhidwa ndi mafani akuluakulu. Ankandiuza kuti mphepo ili ndi mphamvu ziwiri: yothamanga, ndi ina yokanikiza makoma. Yachiwiriyi ndiyo yovuta kuyeza, chifukwa paipi ikangoyang'ana kochokera mphepo, yothamanga ija imalowerera n'kusokoneza. Choyezera cha kampani chinkatsekeka ndi fumbi lonyowa sabata ndi sabata, ndiye iwo anapanga chawo: kapaipi ka kopa kotseka kumphuno, kosalala ngati dzira, ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali. Kumbuyo analumikizako chubu cha dripu chopinda, chokhomera pathabwa, muli madzi ofiira. Madziwo akakwera, munthu amawerenga. Miyezi isanu ndi itatu akuboola, kutaya, kuboolanso.

Mu 2012 mkulu watsopano wa gululo, aTapiwa, anati abwere nako Lolemba akayerekeze ndi cha kampani. Zikagwirizana awakweza, akhale owerenga.

Lamlungu iwo ali kumaliro ku Shamva, ndinakapeza kapaipiko kali bii, kobiriwira ndi thukuta. Ine wa m'nyumba mwanga sapita pagulu ndi zakuda. Ndinakakwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka kunyezimira, ndipo phulusa litatsalira m'timabowo ndinalitokosa ndi singano. Atabwera anaseka, amvekere tsopano kakuoneka ngati kogula ku Joni.

Lolemba madzi awo anasiyana ndi a kampani ndi zala ziwiri. Anayesa katatu, chimodzimodzi. Anyamata aja anayamba kuwaitana Purofesa Dripu. Kapaipiko anakaponya m'dzenje la madzi pansi pomwepo osakayang'ananso, ndipo kunyumba anangoti munthu wa Giredi 7 azidziwa polekezera. Ine ndinatukwana kampani, ndinatukwana aTapiwa ndi azakhali awo omwe. Kuchokera pamenepo sanapangenso kanthu. Wailesi yathu ikafa ankaipereka kwa ena. Anapuma ntchito akunyamulabe zikwama.

Chaka chatha mdzukulu wathu Tabitha, amene akuphunzira za mainjini ku Harare, anabwera patchuthi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona. Anaonetsa asekuru ake pafoni mmene amayesera mapiko a ndege m'chimpaipi cha mphepo, timabowo ta m'mbali ngati tomwe tija. Anati mphunzitsi wawo salola munthu kutikhudza ngakhale ndi chikhadabo, chifukwa mlomo wa kabowo ukangotukuka pang'ono, manambala amanama. Ine ndinali kusenda mbatata pambali. Ndinaika mpeni pansi.

Ndinazisunga masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinawapeza amuna anga pakhonde n'kuwauza zonse.

Anafunsa, “Singano yake iti, mayi a Iness?”

“Yosokera matumba.”

“Chimsingano chonse chija?”

“Nsonga yokha, bambo.”

Anayang'ana zala zawo nthawi yaitali. “Ndiye kanali bwino kanthu kanga.”

Sanandikalipire, koma bola akanatero. Mawa lake anandituma kumsika kukagula chidutswa cha paipi ya kopa ndi timano toboolera. Anakhala pampando, paipi pamwendo, magalasi pamphuno. Manja awo amanjenjemera masiku ano. Kadzino koyamba kanathyoka, kachiwiri kanathyoka. Tabitha anati, “Sekuru, regai ndikubatsirei,” kufuna kuwathandiza, koma iwo anapukusa mutu. Kachitatu katathyoka anakulunga zonse m'nyuzipepala, amvekere adzayesanso kunja kukafunda.