Kapepala ka ku Sikelo

Anzanga, ndakhala pansi, ndaimirira, ndakhalanso... bola ndingokuuzani.

Uladi ndinakumana naye pamsika wa Ngokwe akugulitsa nsomba zouma za ku Chiuta. Ndinagula mulu umodzi, iye n'kuwonjezera iwiri.

"Basela yonseyi ya chani?"

"Ya nambala yanu, chemwali."

Ine kuseka ngati chitsiru. Chaka chisanathe tinamanga ukwati wa nikahi, n'kusamukira ku Balaka.

Mimba itakwana miyezi inayi ndinayamba sikelo. Atanditenga magazi, anesi anatseka chitseko.

"Mayi, takupezani ndi chindoko. Chimachizika, koma mukachedwa mutha kupita padera, kapena mwana kubadwa wodwala."

Anandibaya jakisoni pomwepo, wopweteka koopsa, n'kundipatsa kapepala.

"Bambo abwere ndi aka, nawonso abayidwe. Apo ayi, akupatsiraninso."

Kunyumba Uladi anayamba ndi ukali, ati matendawo ndabwera nawo ndine. Sindinakangane naye, ndinangotenga dzanja lake n'kuliika pamimba panga. Mawa lake anatuluka ndi kapepala kaja, n'kubwerako akutsimphina.

"Ndabayitsa, babe. Mwana wathu sindingamuseweretse."

Chikondi chinachita kusefukira! Ine kumukonzera tiyi wamkaka, mandasi, zonse. Nditati ndimuthowe pobayidwapo anakana, ine ndimvekere mwamuna wanga ngolimba mtima.

Lachiwiri lapitali, popita ku sikelo, ndinakwera kabaza wa Wadson, mnzake wa Uladi. Wadson pakamwa sipatseka.

"Alamu, jakisoni wa amuna anu uja, iyayi! Sabata yonse ndinkapalasa choimirira."

"Jakisoni uti?"

Njinga inayamba kuyenda mokhotakhota.

"Wadson, ima. Ndati jakisoni uti?"

"Pepani alamu... Amuna anu ankati nesi wina ndi wakwawo ku Chiuta, angawalengeze. Kapepala kaja ndinapita nako ndine, dzina n'kutchula lawo."

Miyezi iwiri, anzanga. Miyezi iwiri ndikugona mphasa imodzi ndi munthu wosabayitsa!

Ku sikelo ndinaulula zonse, misozi ili chuchuchu. Ndayambiranso majakisoni. Za mwana ati tiziyang'anira, ndisaphonye tsiku.

Pano ndili kwa mayi anga ku Ngokwe. Uladi akungoimba, ma message mbwee: "Sorry Ramla, anali manyazi chabe." Sindikuyankha. Dzanja langa silikuchoka pamimba, mwana akagunda m'pamene ndikupuma.

Chondiwawa si chindoko ayi, chimenecho chili ndi mankhwala. Koma munthu anatsimphina masiku atatu pamaso panga, ndi mwendo wabwinobwino, ine ndikumuthirira tiyi.