Kabokosi ka pakati pa panelo ndi batire

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 13 koloko, mkazi wanga anandiimbira foni ndili kuntchito. "Atate a Chisomo, bwerani manje manje. Kuchipinda kununkha monga mazira oola."

Batire la sola timalisunga pansi pa bedi, ngati aliyense kuno kukomboni ya George, poopa akuba. Ndilo limayendetsa kafiriji momwe mkazi wanga amasungiramo insulini yake ya shuga. Magetsi masiku ano sitiwawerengera.

Nditafika kunyumba ndinapeza batirelo latentha, likuwira m'kati. Ndinatsegula windo, n'kuletsa aliyense kuyatsa machesi, kenaka ndinamasula waya wochokera kudenga. Kontrola, kabokosi komwe kamayenera kutseka moto wa panelo ya sola batire likadzaza, kanali katasungunuka kumbuyo. Kutsogolo timagetsi take tinkaphethirabe ngati zonse zili bwino.

Kafiriji kanangoti zii.

Ba Mwale oyandikana nafe anasuzumira pakhomo. "Ba neba, tayani kabokosi ako. Mangani panelo dairekiti ku batire. Ise tonse ni mwamene timachitira!"

"Nanga batire lanu lija lili kuti?"

"Linatupa," anayankha, akuyang'ana kumbali.

Tinene zoona, abale. Kontrola timasankha bwanji? Timawerenga mabowo otchajira foni. Timakopeka ndi kagalasi kowala. Panelo timagula yaikulu yoti anthu aone padenga, koma kabokosi koti kaigwire pakamwa timatenga komwe wogulitsa watiponyera. Kanga kanabwera m'katoni imodzi ndi panelo, ndi mawu a wogulitsa akuti, "Mudala, vonse ni vimodzi."

Si zimodzi. Kuseri kwa panelo kumalembedwa moto womwe imatulutsa. Kontrola iyenera kupirira woposa pamenepo, ndiponso igwirizane ndi mtundu wa batire. Ndi angati tinatembenuzapo panelo tisanaikhomere?

Madzulo a Lachiwiri lija insulini tinaikulunga m'nsalu yonyowa, n'kuiika mumphika wadothi. Mkazi wanga ankangopita kukaigwira kuti amve ngati ikuzizirabe.

M'mawa mwake ndinakwera padenga malata asanatenthe, n'kujambula kuseri kwa panelo ndi foni. Ndinapita m'tauni, n'kuika kabokosi kosungunuka kaja patebulo la wogulitsa. Iye anatambasula dzanja kuti anditsitsire kena kofanana nako.

"Ayi," ndinatero, ndikumuonetsa chithunzi. "Yambani mwawerenga apa. Kunyumba kuli munthu akudikira jekeseni."