Zala za Adilaiva pa Kanema

Taganizirani m'mawa wa tsiku wamba, belu lisanalire. Ana akusesa pakhonde, ine ndikufufuta bolodi, ndipo pa desiki yakutsogolo pakhala mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Samva, ndipo dzina lake la m'chinenero chamanja ndi chala chogunda kadontho ka patsaya lake. Pakamwa timangoti Kadontho.

Bambo ake amayendetsa lole, ndipo aliyense amawatchula Adilaiva. Chinenero chamanja anachiphunzira atakula, m'kalasi mwanga momwemu, atadzipinda pa kampando ka ana, maondo atafika m'chibwano. Akachoka amatha milungu itatu, choncho ankajambula moni pa foni n'kutumiza kwa mayi a mwanayo.

Tsiku lina mayiwo anabwera nayo foniyo kusukulu. Nkhope ya Adilaiva inkaoneka bwino, koma manja akangoyenda, zala zinkasanduka timabokosi tosadziwika bwino. Kadontho anaonera kawiri, n'kuikankhira foniyo kumbali. Anandiuza ndi manja kuti abambo ayamba chibwibwi, ndipo iye sadzaoneranso.

Atabwerako n'kumva zimenezi, Adilaiva sanakalipe. Anapita kwa mlamu wawo wojambula makanema, amene anawafotokozera kuti MP4, mtundu wa fayilo ya kanema, ndi bodi ya lole chabe, pamene kodeki ndi kapakiridwe ka katundu m'bodimo.

"Mukapanikiza kwambiri, alamu, tomato amafika ataphwanyika," anatero mlamuyo. "Inu simukudziwa zimenezo?"

Zimenezo Adilaiva ankazidziwa. Paulendo wotsatira anajambula chiganizo chimodzi chomwecho, chofunsa mwana mmene wadzukira, kakhumi ndi kamodzi. Anayamba ndi kodeki ya H.265. Fayilo inachepa, chithunzi chinali choyera, koma foni yakale ya kunyumba inakana kuitsegula. Anabwerera ku H.264, imene imatseguka pafupifupi paliponse. Kenako anakweza zithunzi za pa sekondi kuchoka pa 30 kufika pa 60, kuti chala chisadumphe pakati pa mawu. Anazindikiranso kuti shati yamizeremizere ndi magalimoto odutsa kumbuyo zimalanda malo ofunika zala, ndiye anagula shati yoyera yopanda maluwa, n'kumaima pambali pa lole, dzuwa likuwomba kumaso. Akazi awo ankawaseka kuti zaka zonse za m'banja sanatchenepo chonchi chifukwa cha iwo.

Koma kunyumba zala zinkafikabe zophwanyika, ngakhale pa foni ya Adilaiva zinali zoyera. Adilaiva anati ndiye kuti katundu akuonongekera panjira. Anali atalondola. Pulogalamu yotumizira mauthenga inkapanikizanso kanemayo payokha. Kanema wachikhumi ndi chimodzi anamutumiza ngati dokyumenti, kuti afike mmene alili, osapanikizidwanso. Anadikira mphindi makumi awiri pamalo oimika malole, foni ataikweza m'mwamba, anzawo akuwafunsa ngati akuitana mvula.

M'mawa mwake mayi anabweranso ndi foni. Kadontho anayamba wapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kuwindo. Sindinamukakamize. Ndinangoimika foniyo potsamira bokosi la choko n'kupita kukalemba deti. Nditacheuka, anali akuseka mpaka mapewa kugwedezeka. Anandikoka mkono n'kundionetsa kuti pa mawu akuti kudzuka, abambo apinda chala cholakwika. Anauza mayi ake kuti amujambule kanema wowakonza abambowo, ndipo anayamba waonetsetsa kuti waima pakhoma loyera.

Papita materemu anayi tsopano. Adilaiva atumiza makanema 140, ndipo Kadontho wayankha onse.