Chester wa M'chipinda cha Ekisire

Chester Namakhwa wa ku Chinakanaka ankagwira ntchito m'chipinda cha ekisire pa chipatala china cha kampani ya tiyi. Yake inali yogwira odwala kuti asagwedezeke powajambula. Wojambula ankavala chovala cholemera n'kukabisala kuseri kwa khoma, koma Chester ankaima pomwepo, atangovala malaya a kaki.

Kunyumba mkazi wake Enifa adapita padera katatu. Alongo ake a Chester ankamunyoza mayiyo ngakhale pachitsime, akuti mimba yake njotembereredwa.

Mu 1979 kudabwera dokotala wachilendo. Ataona Chester ali chiimire pafupi ndi makina, adakuwa.

"Bambo, chokanipo! Kuwala kumeneku kumaononga mbewu ya mwamuna. Adayesera pa mbewa zazimuna, ana ake ankafera m'mimba."

"Akuluakulu a pano ankadziwa zimenezi?" adafunsa Chester mwaukali.

Dokotalayo adangomukokera kuseri kwa khoma.

Masiku amenewo wodandaula ankatchedwa woukira boma, choncho Chester sadapite kwa aliyense. Adasiya ntchito nalunjika kwa alongo ake.

"Enifa mwamusautsa pachabe. Wophikidwa ndi makina ndine, ndipo amene adandiimika pamenepo akudya bwino."

Adakalamba akusenza katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Mwana sadamuone, koma Enifa sadanyozedwenso.