Nthochi ya Kuseri kwa Nyumba

Ndili Fomu 4, aphunzitsi a Chingerezi anatipatsa aneni oti tipangire ziganizo: know, believe, remember ndi recognise. Anafotokoza kuti know ndi wa chinthu chimene uli nacho umboni, pomwe believe ndi wa chimene wangochisunga mumtima.

Kale ntchito yotere ndinkaichita ndi achimwene anga. Iwo analekeza Fomu 2 n'kuyamba usodzi, koma Chingerezi ankachikondabe. Ankandifunsa uku akusoka ukonde.

"Tiyeni Madamu, understand n'chiyani?"

"Kumvetsa."

"Nanga bwanji simumvetsa ndikati musiye sopo wanga?"

Ndili Fomu 3, mphepo ya mwera inawapeza achimwene pakati pa nyanja. Anzawo awiri anapulumuka atakakamira bwato, koma iwo sanaoneke. Amalume anayenda m'magombe mpaka ku Benga, osapeza ngakhale malaya. Pomaliza akuluakulu anadula thunthu la nthochi kuseri kwa nyumba yathu, nalikulunga m'nsalu, n'kukaliika kumanda m'malo mwa mtembo. Ndinalipo likudulidwa. Madzi ake ankadontha pachikwanje.

Pa remember ndinalemba za sopo uja. Pa recognise ndinalemba za wakabaza wina wa ku Boma amene ndinamulondola mumsika chifukwa khosi lake linali ngati la achimwene, mpaka anacheuka n'kunena kuti, "Mukwera, achemwali?" Aneni awiri enawo anandikanika.

Pachitsa chija panali pataphuka mphukira, ndipo nthawi imeneyi inali itabereka mkoko waukulu. Amayi analetsa kuudula. Nthochi zinayamba kupsa mumtengo, mbalame n'kumazijompha. Mphepo ikaomba, masamba ankakhula pakhoma la chipinda chimene achimwene ankagona, ndipo ine ndinkaleka kuwerenga.

Tsiku lina amalume anabwera ndi chikwanje.

"Mlongo, mwana tinaika. Zakudya zisaolere mumtengo."

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa kusukulu, tandiuza. Ukudziwa kuti mchimwene wako anamwalira?"

Amalume anandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndivomere, nkhani ithe. Ndinaganiza za zimene ndinaona ndi maso anga. Ndinaona nthochi basi.

"Sindikudziwa, amayi."

Amalume anapachika chikwanje paphewa n'kumapita. Mkoko unaolera pomwepo.

Mawa lake ndinalemba chiganizo cha know: ndikudziwa chimene chili m'manda muja. Pa believe ndinasiya mzere wopanda kanthu, ndipo aphunzitsi anaikapo chizindikiro chofunsira ndi cholembera chofiira.