Foni ya Ababa m'Chitini cha Mpunga

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene mwera unagubuduza bwato la ababa ku Lungwena. Iwo anapulumuka, ukonde unapita. Ndinalumbira kuti ndikabwera ndi chinthu chowachenjeza mphepo isanafike.

Ku Joni ndinayamba ndi kukonza mafoni, kenako kampani ina inandiphunzitsa kupanga mapulogalamu ake. Abwana ankati pulogalamu yabwino isamapatse munthu mpata wopuma. Ine sindinkatsutsa, poti m'kachipinda kanga foni yokha ndi imene inkandilankhula.

Tsiku limene ndinamaliza pulogalamu yanga ya asodzi ndinavina ndekhandekha! Inkanena za mphepo, mtengo wa usipa, ndipo ukailekerera inkalira kukukumbutsa kuti waiiwala. Ndinaiika m'foni yatsopano n'kutumiza pa basi pamodzi ndi ndalama za amayi. Miyezi isanu, ndikaimba, foniyo yozima.

Nditabwerera kumudzi ndinaipeza m'chitini cha mpunga.

"Ababa, chinthu ichi n'chopulumutsa moyo wanu!"

"Chinalira pa Juma, shehe ali pakati pa ulaliki, mzikiti wonse n'kucheuka," anatero ababa. "Iwe, mlendo akafika pakhomo amati odi kangati?"

"Kamodzi."

"Kenako?"

"Amadikira."

"Nanga chako ichi anachilera ndani?"

Ndinaseka, koma manyazi anandigwira, mantha pamwamba, chifukwa nyengo ya mwera inali pafupi. Sabata yonse ndinakhala pakhonde kuchotsa m'pulogalamu ija zimene ndinkanyadira, ndipo ndinasangalala kuposa tsiku lovina lija. Ndinasiyamo kulira kumodzi kokha, kwa mphepo yoopsa, ndipo osati pa nthawi ya swala kumzikiti. Zina zonse zizidikira mpaka munthu afunse yekha.

Ababa anaitenga monyinyirika. Masabata atatu foni ili zii.

"Yafa kodi?"

"Ikudikira, ababa."

M'mawa wina akukankhira bwato m'madzi, inalira kamodzi. Nyanja inali bata. Ababa anayang'ana foni, anayang'ana kummwera, n'kuuza anzawo kuti alikokere kumtunda. Dzuwa lisanafike pamutu, mafunde anali atafika pa matandala oyanikapo usipa.

Ndinadumpha ngati mwana! Zaka zinayi ku Joni, kusaka nzeru imene inali pakhomo pathu pomwe.

Ababa anaipukuta foni ija ndi malaya awo, n'kuibwezera m'thumba la pachifuwa.

"Iyi tsopano yaleredwa kwathu."