Jekete Lofiira la ku Ayezi

Amuna anga anamwalirira m'chipatala chomwe anagwiramo ntchito yokankha mabedi a odwala kwa zaka zambiri, kuno ku Leicester. Asanatisiye ananena pamaso pa abusa kuti tidzawaike konkuno, pafupi ndi mwana wawo, osati kuwakweza ndege ngati katundu. Tinachita zomwe ananena. Kumudzi nkhaniyo sanailandire. Alongo awo aakulu, amene mawu awo ndiwo amamveka pabanjapo, anati ndawamana maliro a mlongo wawo, ndipo kuyambira pamenepo foni yanga anasiya kuyankha.

Ine ndinavala zakuda monga amachitira namfedwa wa kwathu: diresi, juzi ndi mpango wa kumutu. Ku ntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby, ndinkavala yunifolomu poti ndi lamulo, koma mpango sunkachoka kumutu. Zakuda sudzivula wekha. Chaka chikatha akuchimuna amabwera, amakuvula, amakuveka nsalu yatsopano n'kukuuza kuti takusudzula, pita ukakhale moyo wako. Chaka chinatha, miyezi ina n'kudutsanso, alamu anga ali zii. Amayi a kumpingo ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha mpaka diresi linatuwa m'mapewa.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi, wobadwira konkuno, ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi ku Nottingham. Chichewa amamva chonse, makamaka ukamamunena, koma amayankha m'Chingelezi. Loweruka lina anabwera kunyumba n'kundiuza kuti walipira kale ulendo wa anthu awiri wa pa sitima yapamadzi, wopita kumalekezero a dziko kumwera, kumene kuli ayezi yekhayekha. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Kuzizira kwa ku Leicester sikunamukwane?

Koma chifukwa chake ndinkachidziwa. Bambo ake akaweruka ku ntchito ankakhala pa sofa, nsapato asanavule, n'kumaonera mapengwini pa TV. Mbalame zija zosauluka, zoyenda chilili, zakuda kumsana ndi zoyera pamimba. Ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere zikuyenda ngati madikoni opita kukatolera chopereka. Ankalonjeza kuti akadzapuma pa ntchito adzatitengera komweko tikazione ndi maso. Ine ndinkawayankha kuti ayambe akonza kaye chitseko cha kubafa.

Tinanyamuka mu February. Ndege inatitula ku Argentina, ina n'kutifikitsa kukatauni ka kumapeto kwenikweni, kumene sitima inkatidikira. Za masiku oyamba panyanja sindikumbuka zambiri kupatula ndowa yosanziramo. Mafunde ankatinyamula n'kutitaya, ine ndili gone, ndikupepesa Mulungu machimo anga ndi a anthu ena omwe.

Nyanja itadekha, mwana uja anatulutsa m'kabati majekete awiri amene a sitima anapatsa aliyense. Anali ofiira psuu, ngati tomato wakupsa. Anandiuza kuti tikamatsikira kumtunda pa timaboti tamphira tizivala amenewo, poti salowa madzi ndiponso otiyang'anira amationera patali. Ndinati ine ndili ndi chikhoti changa chakuda cha pa msika wa ku Leicester. Mtsikana wina wa otsogolera alendo anachigwiragwira, n'kupukusa mutu mwaulemu. Anati chikanyowa ndidzauma nacho limodzi.

Ndinakana. Yunifolomu ya ku ntchito aliyense amaimvetsa, koma namfedwa wosasudzulidwa kuvala zofiira, pa ulendo wokasangalala? Amayi anga akanadzuka kumanda. Mwanayo anayesa kundinyengerera, kenako anakwiya, amvekere kuno kulibe amene akundidziwa. Ndinamuyankha kuti ndikudzidziwa ndekha.

Choncho anzanga ankatsika m'mawa ndi masana, ine n'kumatsala m'sitima ndi nkhalamba ina yachizungu ya mwendo wothyoka. Ndinkaima panja mphepo ikandilola. Dzikolo ndi loyera mochititsa mantha, lopanda mtengo, lopanda utsi, lopanda kanjira kosonyeza kuti munthu anadutsapo. Pakati pa mapiri pamatsika ayezi wokhuthala ngati mtsinje woima, ndipo kumaso kwake ndi kobiriwira ngati sopo wochapira. Nthawi zina chibenthu chachikulu kuposa tchalitchi chathu chinkagumuka n'kugwera m'madzi, phokoso lake n'kufika mochedwa ngati bingu lakutali. Azungu ankakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinkangomva chisoni, poti sindinali ndi womugwira pamkono kuti taonani.

Tsiku lina namgumi anatulukira pafupi penipeni ndi pomwe ndinaima. Ndinayamba kumva kupuma kwake ndisanamuone, mpweya wautali wotopa, wofanana ndi wa odwala athu akamagona. Msana wake wakuda unayandama pang'ono, mchira n'kukwera m'mwamba, basi wapita. Ndinadikira nthawi yaitali kuti atulukenso koma sanabwerere. Mapengwini ndinkawaona ngati timadontho pa gombe, ndipo pakati pa majekete ofiira aja sindinkatha kudziwa kuti mwana wanga ndi uti.

Iye ankabwerako maso ali ofiira, n'kumanamizira mphepo. Patebulo tinkadya ngati anthu okumana pa basi. Madzulo ena, atalengeza kuti mawa ndi tsiku lomaliza kutsikira kumtunda, anandifunsa osandiyang'ana kuti kodi kusudzulako amachita chiyani kwenikweni. Ndinamufotokozera mwachidule, ndi mkwiyo pang'ono, poti ndinkaganiza kuti akufuna kutsutsana nanenso.

M'mawa ndikumanga mpango pa galasi, ndinaona mwana uja wagwada kumbuyo kwanga. Mwana ameneyu sanagwadirepo munthu chibadwire. Tinkalimbana naye ali wamng'ono mpaka tinatopa. Jekete lija analinyamula ndi manja awiri.

"Amayi," anatero m'Chichewa chake chopunduka, akusaka liwu lililonse. "Ine ndine mwana wa adadi. Magazi awo ali mwa ine. Anti safuna kubwera. Ndiye ine ndikukusudzulani. Mwalira mokwana, amayi."

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Iyeyu ndi wa mtundu wanga, sangayimire akuchimuna, ndipo mawu omuuza zimenezo anafika pakamwa penipeni. Koma aka kanali koyamba kundiyankhula m'chiyankhulo chathu chiyambire sukulu. Ndinakhala pa bedi n'kuweramitsa mutu. Anamasula mpango uja pang'onopang'ono. Ataona kuti tsitsi langa lonse layera, anagwira pakamwa, chifukwa anali asanalione chimwalirire bambo ake. Anaupinda bwinobwino mpangowo, n'kundiveka jekete ngati akuveka mwana wopita ku sukulu.

Zimene TV simanena n'zakuti mapengwini amanunkha. Fungo la khola la nkhuku losakaniza ndi usipa woola linatilandira tisanaponde n'komwe pamiyala. Koma kayendedwe kake n'komwe kaja. Imodzi inadutsa patsogolo pathu, chifuwa patsogolo, timapiko kumbuyo, dikoni weniweni, kenako inaterereka n'kugwa chagada. Ndinaseka. Sindinafune, kunangotuluka kokha, ndipo mwana wanga anandijambula pomwepo.

Chapatali panali ena atangoima duu, nthenga zili nyankhalala ngati pilo wong'ambika. Mtsikana wotitsogolera uja anati amenewo akusintha nthenga, ndipo mpaka zakale zitathothoka zonse sangalowe m'madzi, sangadye, amangoima pamphepo n'kumadikira. Anatipempha kuti tisawayandikire poti alibe mphamvu zothawira. Ndinawayang'ana, kuseka kuja n'kutembenuka. Ndinakhala pamwala n'kulira maliro a kwathu, okuwa, oitana munthu. Ndinkati bambo, taonani madikoni anu, mwandisiyira ndani? Azungu anayang'ana kumbali monga amachitira. Mwana wanga anakhala pambali panga, n'kulira nane mpaka boti lomaliza.

Titafika pomwe foni zimagwira, iye anatumiza chithunzi chija pa gulu la abale, mwachimwemwe, osandifunsa. Sindinamukalipire. Madzi akatayika saoleka.

Tinabwerera ku Leicester kukugwa kamvula kaja kosatha. Ndisanamasule n'komwe zikwama, foni inalira, ndipo nambala yake inali imene ndinaidikira nthawi yonseyi. Ndinayankha nditaimirira.

"Alamu, chithunzi tachiona," anatero alamu anga aja. "Mwawala ndithu. Ife timakonza zoti tikuitaneni tikakolola kuno tidzakuvuleni, koma poti mwadzivula nokha, ntchito yathu yatha. Musavutikenso kutiimbira."

Ngati ankakonzadi zimenezo, sindidzadziwa. Ndinafuna kufotokoza za madzi ozizira, za mwana wogwada, koma foni inali itaduka kale. Anthu amene ndinawaphikira, amene ana awo ndinawabereka kumsana ndili mtsikana, anathera pamenepo. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Mwana wanga sindinamuuze. Mpaka lero amakhulupirira kuti anakonza zinthu, ndipo akaimba foni amayamba ndi "Mwadzuka bwanji, amayi?" asanathawire ku Chingelezi chake. Kumpingo amayi ena anandikumbatira, ena anayang'ana diresi langa lamaluwa n'kusuntha pa benchi.

Lamlungu lotsatira ndinakwera basi kupita kumanda nditavala jekete lofiira, poti mvula inali isanaleke. Ndinachotsa masamba pamwala, n'kuwauza bambo aja zonse: kuti ayezi amalira ngati bingu, kuti madikoni awo amanunkha, kuti mwana wawo amatha kugwada. Za alongo awo sindinanene. Munthu anapempha yekha kuti agone kuno mwamtendere.